Njinga Yokana Wamasiye

"Kachitatu tsopano," anatero amayi ake a Chipewa. "Koyamba ndinati ndi tsoka chabe. Kachiwiri ndinameza mate. Lero ndalankhula."

"Mwalankhula, amayi, ndipo ndamva. Koma njinga ndi chitsulo."

"Chitsulo chimasankha anthu? M'mawa wanyamula aphunzitsi, yayenda. Wanyamula bambo uja wamimba ngati mgolo, yayenda. Wakwera mlamu wakoyu, yafera pamlatho. Atangotsika waponda kamodzi, yalira. Ukufuna ichite kutsegula pakamwa?"

Chipewa anali atagwada pabwalo pambali pa njinga yamotoyo. Anali wakabaza, ndipo dzinalo anamupatsa anzake a pasiteji chifukwa chipewa chapanjinga ankachivula pokhapokha akafuna kusamba. Njingayo inali ya mkulu wake, amene anamwalira miyezi inayi m'mbuyomo atadwala sabata imodzi yokha. Malemuwo anasiya njinga ndi mkazi woyembekezera, amene aliyense ankangomuti Atelala chifukwa cha ntchito yake yosoka. Nthawi imeneyo Atelala anali m'chipinda chawo, chitseko chili pululu. Makina awo anali atasiya kulira.

Mkazi wa Chipewa, Make Mapasa, anatuluka kukhitchini akupukuta m'manja.

"Mwina ndi nsanje, amayi," anatero. "Paja njingayi inali mkazi wachiwiri wa alamu anga. Ankayipukuta isanadetsedwe n'komwe. Akazi a mwamuna mmodzi amanyamulana?"

"Iwe, si zoseka izi. Galu wamkota sakandira pachabe. Mwini njinga ndiye akukana. Mwana wanga sakufuna kuti mkazi ameneyu akhale pa chinthu chake, ndipo wakufa sakana popanda chifukwa."

"Chifukwa chanji, amayi?" anafunsa Chipewa.

"Munthu wa mphamvu zake kudwala sabata imodzi? Funsa amene ankamuphikira."

Chipewa anayang'ana kuchitseko chija. Chinatsekeka pang'onopang'ono, popanda phokoso.

"Mawu amenewo mwalakwitsa," anatero Chipewa motsitsa mawu. "Kuchipatala anatiuza matenda ake tonse tili pomwepo. Alamu anga miyendo yawatupa, anamwino akuti azipita Lachiwiri lililonse. Ndiziwanyamula ineyo, ndipo njingayi ndiikonza."

"Konza," anatero amayiwo. "Ukalephera, apite kwawo. M'nyumba muno maliro amodzi akwana."

Lachitatu Chipewa sanapite kusiteji. Anayala thumba pansi n'kundandalika masipanala. Injini, monga ankamuuzira mkulu wake, imafuna zinthu zitatu: mafuta, mpweya ndi moto. Anayamba ndi mafuta. Anazula paipi yochokera kuthanki, petulo anatuluka bwinobwino, woyera, wopanda madzi. Anamasula kabuleta, anaitsuka, anauzira timabowo take tonse mpaka milomo inamuwawa. Sefa ya mpweya inali ndi fumbi, anaichapa n'kuyanika padenga la khola. Pulagi inali yodera pang'ono kunsonga, mtundu wake woyenera, komabe anaikamo yatsopano.

"Mwapeza?" anafunsa Make Mapasa.

"Ndapeza fumbi."

"Fumbi limadziwa Lachiwiri?"

"Inunso mwayamba za amayi?"

"Ine ndikungofunsa, bambo a mapasa. Safunsa anadya phula."

Sabata yonseyo njinga inayenda ngati yatsopano. Lachiwiri lotsatira Atelala anakwera osalankhula, atakhala chambali, miyendo yonse kumanzere. Anadutsa pamlatho bwinobwino. Atafika pamsika, pamene msewu uli ndi kamtumbira koletsa liwiro, tayala lam'mbuyo linadumpha ndipo injini inangoti zii. Chipewa anaponda kiki mpaka thukuta. Anthu anayamba kusonkhana. Atelala anatsika kuti amupatse mpata, iye anaponda kamodzi, njinga inalira.

Mayi wina wogulitsa tomato anagwira pakamwa. "Ndi zoona eti, zimene ananena apongozi ake zija!"

Atelala sanakwerenso. Anayenda wapansi mpaka kuchipatala, Chipewa akukankha njinga pambuyo pawo n'kumawachonderera.

Masiku otsatira anthu anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo. Wina anati ukwati wasinthidwa tsiku. Wina anati mwana wanenepa, muyeso uja sugwiranso. Wachitatu sananame n'komwe: analandira nsalu yake ndi nsonga za zala, n'kuikutumula asanatuluke pageti. Lachiwiri linalo Atelala ananyamuka kusanatenthe, wapansi, osauza munthu. Anabwera madzulo mapazi atatupa mpaka zingwe za nsapato zinalowa m'mnofu. Make Mapasa anawatenthetsera madzi n'kuwathowa.

"Achemwali, mukudzipha."

"Bola kutupa kusiyana ndi maso a anthu aja."

Lachisanu Chipewa pobwera kuntchito anapeza mutu wa makina osokera utachotsedwa patebulo lake, utakulungidwa m'nsalu pafupi ndi chikwama chachikulu.

"Alamu, izi ndiye ziti?"

"Mchimwene wanga abwera Lamulungu kudzanditenga. Tebulolo mudzanditumizira."

"Kwanu kuja chipatala chili kutali. Mvula ikagwa ngakhale galimoto sifika."

"Kwathu kulibe amene amati ndinapha mwamuna wanga."

Chipewa anavula chipewa chake n'kuchigwira m'manja. Make Mapasa, amene anaima pakhomo, anakweza nsidze poona zimenezo.

"Ndipatseni mawa lokha," anatero Chipewa. "Ndikalephera, makinawa ndinyamula ndekha pamutu."

Loweruka m'mawa anaimika njinga pasitandi yapakati, pamthunzi wa mtengo wa mango. Amayi ake anakhala pakhonde ndi lichero la nyemba, atatembenukira kumbali ngati sizikuwakhudza, koma mpando anali atauyika pomwe akanaona zonse.

"Ndakhala ndikufuna polakwika," Chipewa anauza mkazi wake. "Njinga ikasowa mafuta imayamba yatsokomola, imakoka, kenako n'kufa. Iyi sitsokomola. Imangoti zii, ngati munthu watseka kiyi. Ndiye kuti ndi moto umene ukuduka."

"Ndiye moto ukuwadziwa bwanji achemwali?"

"Ndi zimene tione. Takwerani."

Analiza injini. Make Mapasa anakwera chotang'adza, njinga inalirabe. Anakhala chambali, inalirabe. Anadzinyamula n'kudzigwetsa pachishalo kangapo mpaka mapasa awo, amene ankasewera kuseri, anabwera kudzaseka mayi awo. Injini sinasinthe mawu.

"Mwaona?" anatero amayi aja pakhonde, osadzutsa mutu. "Mudzathyola chishalo pachabe."

Chipewa anapita pakhomo la mlamu wake. "Alamu, tabwerani mungokhalapo pang'ono. Siyenda, ili pasitandi."

"Ndakhala choyesera njinga tsopano?"

"Pepani. Palibe njira ina."

"Ikazima, amayi anena kuti anaona ndi maso awo."

"Akunena kale," anayankha Make Mapasa. "Bwerani, achemwali. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Atelala anatuluka akukoka mapazi. Anagwira kaliyala ndi dzanja lamanja, anaponda popondera, n'kukhala. Chipewa anali pamalo pake kutsogolo, maso ali pa injini, ndipo sanaone chimene mkazi wake anaona.

"Achemwali, mpata wonsewu mwasiyira ndani?"

Pakati pa msana wa Chipewa ndi Atelala panali malo oti mwana n'kukhalapo. Atelala anali kunsonga kwenikweni kwa chishalo, pamene chimathera pakaliyala.

"Nanga ndikhale bwanji? Mimba iyi ndikaigunditse kumsana kwa alamu anga? Ine manyazi ndili nawo."

"Mumakhala chonchi nthawi zonse?" anafunsa Chipewa atacheuka.

"Kuyambira tsiku loyamba."

"Nanga achimwene akamakunyamulani?"

Atelala anayang'ana pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata amenewo pakamwa pawo panaoneka kakumwetulira. "Amene aja anali amuna anga. Ndinkawagwira m'chiuno."

"Tatsikani. Make Mapasa, khalani pomwe anakhala iwowa. Cham'mbuyo. Cham'mbuyonso. Tsopano dumphani."

Make Mapasa anadzigwetsa kamodzi kunsonga kwa chishalo. Injini inati zii.

Chipewa anaponda kiki, mkazi wake ali pomwepo. Palibe. Anapondanso, palibe. Make Mapasa anatsika, iye anaponda kamodzi, njinga inalira.

"Ee!" anakuwa Make Mapasa. "Alamu anga andikana inenso! Ndinawalakwira chiyani ine, munthu woti ndinkawasungira ndiwo?"

Lichero linali litaikidwa pansi. Amayi aja anatsika pakhonde.

"Yazima chifukwa uyu waima pafupi. Mthunzi wake wagwera panjinga."

Atelala anabwerera m'mbuyo. Anatembenuka, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Apita, amayi," anatero Chipewa. "Mthunzi palibe. Tsopano khalanipo inu."

"Ine? Ndikhale pachinthu chimenechi ngati mtsikana?"

"Ndi cha mwana wanu. Inu sangakukaneni."

Amayiwo anamanga nsalu yawo mwamphamvu. Make Mapasa anawagwira mkono, anawakweza n'kuwakhazika kunsonga kuja. Anali opepuka, ndipo injini inapitiriza kulira. Anayang'ana mwana wawo monyadira. Chipewa anagwira kaliyala, anagwedeza njinga monga imachitira pakamtumbira. Amayiwo ananyamuka pang'ono n'kugwera pachishalo, ndipo phokoso linaduka pomwepo. Kunamveka nkhuku zokha.

Make Mapasa anatsegula pakamwa, mwamuna wake anamuyang'ana, anatsekanso.

"Nditsitseni," anatero amayiwo.

Chishalo chinali chomangidwa ndi mabawuti awiri. Chipewa anawamasula, anachikweza n'kuchigadabuza. Chitsulo chapansi pake chinali chitang'ambika kumbuyo, ndipo m'mphepete mwa mng'aluwo munali mwakuthwa. Pafelemu, pomwe mng'aluwo unkafikira, panadutsa waya wopyapyala wachikasu amene sanali wa mtolo wa mawaya enawo. Anamutsata ndi chala. Kutsogolo anali atalumikizidwa ku waya wozimitsira injini, uja wochokera kukiyi. Kumbuyo anathera pa kaswichi kakang'ono ngati chala cha mwana, komangidwa kunsi kwa madigadi, pamalo oti munthu sangakaone ataimirira. Pakati pake chikopa cha wayayo chinali chitadyeka, mkuwa uli poyera.

Chipewa analiza injini, chishalo chili pansi. Anatenga wayayo, anakhudzitsa podyekapo kufelemu. Injini inazima. Analizanso, anakhudzitsanso, inazimanso.

"Ndi ameneyu," anatero. "Munthu akakhala kunsonga, chitsulo chimapindika, chimaluma waya, moto wonse umathawira kufelemu. Akatsika, chitsulo chimabwerera. Makasitomala onse amakhala pafupi ndi ine kuopa kugwa. Matumba ndimamanga pakaliyala, sakhudza chishalo. Amene amakhala kumeneku ndi alamu okha."

"Nanga waya ameneyu anaika ndani?" anafunsa Make Mapasa.

"Alamu!" anaitana Chipewa. "Tatulukani muone."

Atelala anatuluka, anawerama movutikira n'kuyang'ana kaswichi kaja nthawi yaitali.

"Kani ndi kameneka," anatero. "Madzulo aliwonse akalowetsa njinga, ankapisa dzanja kumbuyo kuno. M'mawa chimodzimodzi. Ine ndinkangoti akuisisita ngati mbuzi. Ndinkawaseka."

"N'koletsa akuba," anatero Chipewa. "Ukakadina, ngakhale wakuba adule mawaya a kiyi, njinga siilira. Ine m'bale wawo osandiuza!"

"Akanakuuzani, siteji yonse ikanadziwa tsiku lomwelo," anatero Make Mapasa.

"Tsiku lomaliza lija sanapise dzanja," anapitiriza Atelala. "Anafika akunjenjemera, anangoitsamiritsa kukhoma. N'chifukwa chake inu munaipeza ikulira."

Amayi aja anali atagwada pafumbi. Sanayang'ane podyeka paja. Ankayang'ana polumikizira, pamene tepi yakuda inali itamatuka, kuonetsa mmene mawaya awiriwo anapotedwera.

"Kupota uku n'kwa wamanzere," anatero. "Ali mwana ankapanga timagalimoto ta mawaya, onse anzake kupotera uku, iye kupotera uko. Bambo ake anamumenya kuti asinthe dzanja, anakanika."

Anagwira wayayo ndi zala ziwiri, osamusiya. Palibe amene anawafulumiza. Patapita nthawi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Ndiudule wonse?" anafunsa Chipewa. "Njinga iyenda bwino popanda iwo."

"Usachotse. Konza pomwe padyekapo."

Chipewa anadula chidutswa chodyekacho ndi pulayazi, chotalika ngati chala, n'kuchiponya pathumba. Analumikiza waya watsopano, anakulunga tepi, n'kulowetsa zonse m'kapaipi kakale ka petulo. Sanaubwezere pomwe unali: anaudutsitsa m'mbali mwa felemu, kunsi, n'kuumanga ndi timalamba ta chubu. Mng'alu wa chishalo anaukhoma ndi hamala, anaupala ndi tupa mpaka unasiya kucheka chala, anayalapo mphira, n'kumanganso mabawuti aja. Kenako Make Mapasa anakhala kunsonga n'kudumpha mpaka anatopa. Mapasa anakwera onse awiri. Injini sinaphonye. Chipewa anapisa dzanja kunsi kwa madigadi, anadina kaswichi, njinga inazima, anabwezera, inalira.

"Yatha," anatero akumwetulira. "Alamu, kamasuleni makina aja."

"Njinga yatha," anatero Atelala. "Mwachita bwino, alamu, zikomo. Koma mchimwene wanga abwerabe mawa."

Kumwetulira kwa Chipewa kunazilala. "Nanga si mwaona nokha?"

"Ine ndinkadziwa kale kuti sindinaphe munthu. Sindinkafunika waya kuti andiuze." Anatembenukira kwa apongozi awo, mawu ali ofatsa. "Amayi, ine ndinamulira mwana wanu limodzi ndi inu. Usiku umene ankabuula, inu munagwira mutu, ine miyendo. Mwaona waya, mwakhulupirira waya. Ine munandiona zaka zonsezi, simunandikhulupirire."

Amayiwo anagwetsa maso pathumba la masipanala.

"Mtima unandipsa, mwana wanga," anatero pomaliza. "Ndinkafuna woti ndimuloze. Matenda sungawaloze chala."

"Ndamva. Koma madzi akatayika sawoleka. Muno m'bwalo tili anayi, taona anayi. Kunja kuli msika wonse. Mwana uyu akadzabadwa, adzamuloza kuti mayi ake ndi aja anakanidwa ndi njinga."

"Ndiuza anzanga pasiteji," anatero Chipewa. "Ndiwaonetsa."

"Inu ndinu alamu anga, anena kuti mukundibisa. Mawu aja sanatuluke pakamwa panu."

Make Mapasa anatenga mapasa n'kuwakankhira kuseri. Chipewa anayamba kupukuta sipanala yoyera kale.

"Munauza angati, amayi?" anafunsa Atelala.

"Mmodzi yekha. Uja wa tomato."

"Amayi!" anatero Make Mapasa. "Kuuza ameneyo ndi kulengeza pawailesi."

"Ndi wa kwaya uja. Ndi mkazi wa wokonza nsapato." Anaima kaye. "Ndi amene anali pamjigo tsiku limenelo."

"Lero ndi Loweruka," anatero Atelala. "Onsewo ali pamsika."

Amayiwo anayang'ana kugeti, anayang'ana dzuwa, anayang'ana mpongozi wawo. Anali munthu woti pa moyo wake wonse sanabwezepo mawu pagulu, ndipo onse pabwalopo ankadziwa. Anawerama, anatola chidutswa cha waya chija pathumba, anachimanga pangodya ya nsalu yawo mfundo ziwiri.

"Iwe," anauza Chipewa, "moto uja umathawira kuti?"

"Kufelemu, amayi."

"Kufelemu. Chitsulo chimaluma, moto n'kuthawira kufelemu." Anabwereza chamumtima akuvala nsapato. "Akandifunsa zambiri ndiwauza abwere adzakhalepo okha. Uja wa tomato ndiye woyamba, ndimudumphitsa mpaka afuule."

"Ndikuperekezeni panjinga?"

"Ayi. Ndinapita ndi miyendo yanga, ndipitanso ndi miyendo yanga." Pageti anaima, n'kulankhula kwa mpongozi wawo osacheuka. "Mwana wanga, mchimwene wako akabwera mawa, alandiridwe ngati mlendo. Akadya, zinazo unene ndiwe."

Geti linatsekeka. Atelala anakhala pampando umene apongozi awo anasiya pakhonde, anatambasula miyendo yotupayo. Anakhala choncho mpaka mutu wa mpango wa amayi aja unasowa pakona ya msewu.

"Alamu," anatero, "mukasamba m'manja mudzandinyamulire mutu wa makina uja. Pali diresi la munthu mmodzi amene sanabwere kudzatenga nsalu yake, ndinamulonjeza Lolemba."